Nyumba ya agogo a Nangondo ku Chinsapo: tiyambire pati?

Lolemba

Nabanda (mlembi): Odi pa gulu. Dzulo titaweruka ku tchalitchi tinapita anthu atatu kukazonda agogo a Nangondo ku Chinsapo 2. Abale inu, kuli zinthu. Khoma la kuchipinda linagwa ndi mvula ya mu February, mpaka lero anangotchingapo masaka ndi chidutswa cha lata. Agogowo ndi zidzukulu zinayi akugona pabalaza, mbuzi ziwiri pakona pomwepo poopa akuba. Khoma lotsalalo ndinaligwira ndekha, m'munsimu njerwa zadyeka kulekeza m'mawondo, ukakanda ndi chala dothi likungoyoyoka. Mvula ikayamba mu November nyumba ija sidzaona Khirisimasi. Kodi sitingawamangire ina ndi manja athu, Loweruka lililonse kuyambira July yemweyu?

Yamikani ku Joni: Iii zachisoni. Malata ndi anga, ingowerengani kuti afunika angati. Mundijambulire agogowo ataima ndi ana aja pa khoma logumukalo, ndionetse anyamata kuno ku Johannesburg. Akaona okha asonkha msanga.

Tadala wa ku 25: Ine ndilipo. Anzanga a kwaya nditha kubwera nawo khumi. Paja mutu umodzi susenza denga.

A Kachingwe (bilida): Mwadzuka bwanji nonse. Dengalo musalisenze kaye Tadala mwananga, palibe polikhazika. Ndagwira ntchito yomanga zaka zoposa 20 ndipo ndaona kuti anthu achifundo amathamangira malata, poti malata amawala komanso amaoneka bwino pa chithunzi. Nyumba ya agogoyo sinagwe chifukwa cha denga. Mwamva mayi Nabanda akuti njerwa zadyeka m'munsi. Ndiye kuti zidina zinayambira padothi penipeni popanda maziko, madzi ochoka padenga ankagwera m'tsinde mwa khoma chaka ndi chaka. Kuika malata atsopano pa khoma lotero kuli ngati kuveka chipewa munthu wothyoka miyendo.

Anaphiri a ku Likuni: Za mazikozo tibwerako. Ine funso langa ndi limodzi, asisi a Nabanda. Malowo ndi a yani?

Nabanda (mlembi): Ndi pawo. Akhalapo kuyambira kalekale, aliyense amadziwa.

Anaphiri a ku Likuni: Mundipirire, nditalikitsa pang'ono, chifukwa mawu akuti “ndi pawo” amenewa anandilizapo. Zaka zinayi zapitazo ife a mphakati wathu tinamangira mayi wina wamasiye kumudzi wina njira ya ku Malingunde. Anali wa chitengwa, ndiye ankakhala kwawo kwa mwamuna. Mwamunayo atamwalira palibe anamuthamangitsa, chifukwa kanyumba kake kanali kaudzu, kodontha, kosasiririka. Ife tinaumba njerwa tokha kudambo, tinawotcha, tinatuta pamutu. Ine ndinasupuka manja onsewa ndi chikombole. Tsiku lopereka makiyi kunali nthungululu, abambo mfumu anawaza madzi odalitsa chipinda chilichonse. Chaka chisanathe mphwake wa malemu uja anapeza banja. Akuluakulu anakhala pansi n'kumuuza mayi uja mwaulemu kuti mwatisamalira m'bale wathu, zikomo, tsopano bwererani kwanu mukaone abale. Lero ndikamadutsa pa minibasi ndimachiona chitseko chobiriwira chimene ndinapenta ndekha, pakhonde payima njinga yamoto ya kabaza. Mayi uja ali kwa mkulu wake ku Mitundu, akugona kukhitchini. M'kanyumba kodontha kaja bwenzi akadali momwemo. Inamuchotsa ndi nyumba yathu ija.

Tadala wa ku 25: Koma anthu Mulungu amamuopa?

Chikondi M.: Amayi, nkhani imeneyo inali yopita nayo kubwalo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena poyera kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi ndi ana a malemu, osati adzukulu akuchimuna kapena amalume.

Anaphiri a ku Likuni: Tinamuuza zimenezo mwana wanga, mpaka ya transipoti tinasonkha. Anatiyankha kuti, ndikasumire abale a ana anga? Nanga mwana wanga akadzamwalira adzamuika ndani? Ife kukamwa yasa. Lamulo lilipo ndithu, koma limafika nyumba itapita kale. Pepala likhalepo njerwa yoyamba isanayalidwe, pamene malowo sakusiriridwa ndi wina aliyense.

Mavuto wa kabaza: Ine ndinene zosakoma, mundikhululukire. Ku Chinsapo ndimapitako tsiku lililonse. Mzere umene akukhala agogowo nyumba zogumuka zilipo zingati? Mukamanga imodzi ya malata pakati pa anzawo ovutika chimodzimodzi, mawa mwana wa neba akadwala mudzamva kuti gogo uja ndi mfiti, anapeza bwanji nyumba. Nkhalamba zikuvulazidwa m'dziko muno ndi nkhani zomwezi. Komanso iyi si ntchito ya boma kodi? Misonkho timakhoma ya chiyani?

Nabanda (mlembi): Ndiye tikhale manja lende poti ovutika ndi ambiri?

Mavuto wa kabaza: Sindinatero ayi. Ndati muganizire za mawa lake inu mutabwerera ku 25 ndi ku 47 kwanuko.

Aphunzitsi a Mbewe (opuma): A Mavuto ali ndi mfundo pa za maneba, koma pa za boma tidikira mpaka tidzatopa. Pulogalamu ya malata ndi simenti ija ya nthawi ya a Peter Mutharika inalipo, koma theka la mtengo linali ngongole, ndipo munthu ankayenera kukhala ndi njerwa zake. Gogo wolera ana amasiye anayi akanabweza ndi chiyani? Ife tinakula ndi Youth Week nthawi ya a Kamuzu. Sabata yathunthu osalowa m'kalasi, tikuumba njerwa za sukulu, kukonza milatho, kufolera nyumba za nkhalamba. Sindikuti zonse zinali zabwino, unkapita ufune usafune. Koma zisanabwere zimenezo makolo athu anali ndi dima. Mwini ntchito ankafulula thobwa kapena mowa, mudzi wonse n'kubwera ndi makasu. Chinsinsi cha dima n'chakuti ogwira ntchitowo anali a pamudzi pomwepo. Munthu sanganene mfiti mwini nyumba imene iye yemwe anasenzera phaso n'kumwerapo thobwa. Ngati tikupita, tisapite ngati alendo obwera pa galimoto atavala malaya ofanana. Maneba aja akhale patsogolo, ife pambuyo.

Mavuto wa kabaza: Apo ndiye mwalasa, aphunzitsi.

Thoko K.: Pa za mapepala ndiwonjezereko. Mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi samayamba ndi njerwa. Habitat for Humanity, imene anayambitsa Millard ndi Linda Fuller ku Americus m'boma la Georgia mu 1976, yakhala ikumanga kuno kwathu kuyambira 1986, ndipo mfundo yake kuyambira pachiyambi ndi yakuti eni nyumba azigwira nawo ntchito, osangolandira makiyi. Jimmy Carter, yemwe anali pulezidenti wa America, ankakhoma nawo misomali kuyambira 1984 mpaka ali ndi zaka 95. Pafupi pompano onani nyumba za Federation, gulu la anthu osowa pokhala, ku Area 49. Amayi a m'gululi ankasunga timakobidi tsiku ndi tsiku mothandizana ndi bungwe lothandiza pa za nyumba la CCODE, koma chimene anayamba kumenyera chinali malo kukhonsolo ya mzinda. Malo atapezeka m'pamene chikombole chinalowa m'matope.

Yamikani ku Joni: Nanga zithunzi zija?

Nabanda (mlembi): Dikirani achimwene, ndikawafunse kaye eni ake. Ndibwererako Lachitatu.

Lachiwiri

Tadala wa ku 25: Podikira za malozo tikambeko za njerwa. Anyamata akuti titha kuumba 5,000 Loweruka ziwiri n'kuwotcha.

A Kachingwe (bilida): Muwotcha ndi chiyani?

Tadala wa ku 25: Nkhuni, tigula.

Thoko K.: Nkhunizo zichokera ku Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa tonsefe. Si paja boma linafika potumizako asilikali kukalondera mitengo. Ndipo kuyambira 2018 njerwa zowotcha zinaletsedwa pa zomangamanga za boma ndi ntchito zikuluzikulu. Ife tigule mabuloko a simenti basi.

Mavuto wa kabaza: Achemwali, thumba la simenti mwaligula liti komaliza? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ku ma hardware imasintha uli pamzere. Kaya ndi ya Shayona ya ku Kasungu, kaya yochokera ku Zambia, yonse ikuluma. Mabuloko ndi a mabwana.

A Kachingwe (bilida): Nonse mukulondola theka. Lamulo la 2018 lija silikhudza kanyumba ka gogo ka zipinda ziwiri, koma uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo anthu osazolowera akawotcha, zakunja zimatuluka zosapsa, zam'kati zopserera, theka n'kutayika. Mabuloko nawonso ndalama yathu sikwana. Ine ndinene mmene ndingamangire atakhala mayi anga. Tikumbe maziko mpaka tipeze dothi lolimba, osati kungopalapasa. Maziko ndi mizere ya m'munsi kufika m'mawondo tigule njerwa zowotcha kale zochepa, timange ndi simenti. Pamwamba pake tiyale pepala lakuda lija loletsa chinyontho kukwera, limathandizanso kupewa chiswe. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba zidina zouma bwino, za katondo osati za makande, makande amang'aluka. Denga lituluke kunja mokwanira kuti madzi azigwera kutali ndi khoma, khonde lizungulire nyumba yonse. Mitengo ya denga timangirire ndi waya wochokera m'kati mwa khoma, mizere itatu kapena inayi kutsika m'munsi, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imanyamula denga lonse ngati chipewa. Mwaona anthu akusanjika miyala ndi matayala pamalata, ndi umboni woti waya anamuiwala. Nyumba ya zidina yovala nsapato ndi chipewa chabwino imakhala zaka zambirimbiri. Pitani kumidzi ya ku Nkhoma mukaone.

Thoko K.: Koma zidina pa madzi osefukira? Ku Mtandire mu February 2017 Lingadzi atasefukira, nyumba zambiri zimene zinagwa zinali zotere.

A Kachingwe (bilida): Pamenepo vuto ndi pomanga. M'mphepete mwa mtsinje ngakhale buloko imapita, munaona za namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu March 2023. Mayi Nabanda, kwa agogoko ndi kumtunda kapena kudambo?

Nabanda (mlembi): Kumtunda, koma madzi ochokera mumsewu amadutsa kuseri kwa nyumba.

A Kachingwe (bilida): Ngalande ndiye ntchito yoyamba ya a kwaya. Ndipo Tadala, ndinene pano pagulu kuti tisadzayambane pamalopo. Anzakowo adzaponda matope, adzaumba, adzatunga madzi, adzatuta mchenga, adzandipatsira njerwa. Koma kuyala njerwa pa chingwe ayi. Chaka china kunabwera alendo a mpingo wina wa kunja, anthu abwino mtima zedi, akuimba, akujambulana, wina akulira ndi chimwemwe. Ankamanga kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko n'kubwerera kogona. Iwo akangokwera basi, ine ndi dakaboyi wanga tinkaphwasula mizere yawo yonse n'kuyalanso, mpaka mdima, tikuunikira tochi ya foni. Khoma lawo linali ngati njira ya njoka, levulo ukaika pamwamba kadontho kothawira kumapeto. M'mawa ankabwera n'kumasisita khoma lathulo akuti taonani zimene tamanga. Sitinawauze, akanakhumudwa, ndiponso ndalama ya simenti inali yawo. Koma pano palibe simenti yomangira kawiri.

Tadala wa ku 25: Hahaha mwatinyoza bambo. Koma ine ndikufuna kuphunzira.

A Kachingwe (bilida): Ukaphunzirira pa chimbudzi. Chikapindika ndi chimbudzi chomwe.

Aphunzitsi a Mbewe (opuma): Funso lina, a Kachingwe tiwalipira? Ife tonse tili ndi kwina kopezera, Loweruka kwa ife ndi tsiku lopuma. Kwa iwowa ndi tsiku la ganyu. Tisachitire chifundo pamsana pa munthu mmodzi.

A Kachingwe (bilida): Zikomo aphunzitsi poona zimenezo. Ine ma Loweruka anga ndapereka. Koma kumanga khoma sikudikira Loweruka, mukayamba muyenera kupitiriza masiku otsatizana. Masiku am'kati mwa sabatawo mumuganizire dakaboyi ndi kapenta wa denga, ali ndi ana.

Lachitatu

Nabanda (mlembi): Ndabwerako. Anaphiri, Mulungu akudalitseni chifukwa cha funso lija. Malowo anagula ndi malemu amuna awo kwa amfumu akale, pepala palibe, mboni imene yatsala ndi bambo mmodzi wokalamba wa kuseri kwawo. Ndiye malemuwo anali ndi mwana wamwamuna kwa mkazi woyamba, amakhala ku Area 36. Chimwalirire bambo ake sanapondeko, ngakhale khoma litagwa sanabwere. Koma alipo.

Anaphiri a ku Likuni: Ndinadziwa. Amakhala alipo nthawi zonse.

Nabanda (mlembi): Zinanso. Ndinakhala nawo pamphasa agogowo nthawi yaitali akusenda nandolo, ndinawafunsa kuti mukufuna nyumba yotani. Ndinachita manyazi, chifukwa ife takhala tikukambirana masiku awiri osawafunsa. Choyamba akuti chimbudzi. Chawo chinatitimira chaka chatha, akupempha kwa neba, ndipo mdzukulu wamkulu uja ndi namwali tsopano, usiku amaopa kutuluka. Chachiwiri akuti nyumba isakhale yaikulu, “ndingafe nayo, mwana wanga.” Zipinda ziwiri, atsikana kwawo, mnyamata pabalaza. Zenera la kumsewu akana, akuti akuba amasuzumira. Khonde akulifuna lalikulu poti ndi pamene amagulitsira tomato ndi makala. Pansi akuti tisavutike ndi simenti, azizira okha monga amachitira.

A Kachingwe (bilida): Gogo ameneyu ndi injiniya. Wachotsa yekha matumba angapo a simenti.

Nabanda (mlembi): Za chithunzi, achimwene a Yamikani, akana. Akuti jambulani khomalo, koma ine ndi ana ayi. Mnyamata uja ali Fomu 1, akuti anzake akadzaona pa Facebook azidzamuseka kuti kwanu mumagona ndi mbuzi.

Yamikani ku Joni: Mmm. Kunotu anthu anaberedwapo kambiri ndi nkhani za zopereka, popanda nkhope sakhulupirira. Koma ndamva. Tumizani khomalo ndi malisiti a chilichonse chimene mugule. Otsalawo ndilimbana nawo ndekha.

Chikondi M.: Pa za malo ndikupempha tichite chonchi. Tipite kwa amfumu a deralo ndi agogo, mboni ija, komanso mwana wa ku 36 uja aitanidwe. Kumubisira ndiye kudzipalira makala pamutu. Palembedwe kalata yonena kuti malo ndi nyumba ndi za agogo a Nangondo moyo wawo wonse, pambuyo pake za zidzukulu zinayi, mayina awo onse alembedwe. Asayine onse, amfumu adinde. Kope imodzi kwa amfumu, ina kwa agogo, ina kutchalitchi. Si chikalata cha umwini cha boma, koma kubwalo chimayankhula. Agogowo alembetsenso wilo, sizifuna loya, bola mboni ziwiri zosapindula nawo.

Mavuto wa kabaza: Mukangomuitana mwamuuza kuti pali nyumba ya malata ikubwera. Mwadzutsa galu wogona.

Anaphiri a ku Likuni: Adzuke pano tili maso, a Mavuto, kusiyana n'kudzadzuka ife titapita.

Loweruka

Nabanda (mlembi): Tachokera kwa amfumu. Bambo wa ku 36 uja anabwera, ndipo sanali chilombo monga tinkaganizira. Ndi mlonda, akuchita lendi chipinda chimodzi ndi ana asanu. Anayankhula mofatsa. Akuti sakukana kuti amayi ake omupeza amangiridwe, koma malowo ndi a bambo ake, nayenso ndi mwana. Akupempha kuti mbali ya kumsewu, pamene pali mtengo wa mango, imusiyidwire adzamangepo yake akadzapeza mphamvu. Akatero asayina.

Tadala wa ku 25: Asa! Munthu osabwera ngakhale kudzaona khoma litagwa, lero akufuna gawo? Ayi, tisalole.

Chikondi M.: Tadala, mtima pansi. Pa lamulo lomwe lija la 2011 iyenso ndi mwana wa malemu, ali ndi gawo, tifune tisafune. Zatikomera kuti wanena yekha mbali imene akufuna. Tiyeze, tikhome zikhomo amfumu akuona, zilembedwe m'kalatamo ndi miyendo yake.

Anaphiri a ku Likuni: Ine mtima wanga sunakhazikike. Lero mango, mawa adzati khonde lalowa kwanga. Koma ndikuvomereza kuti kuposa apa palibe. Zikhomozo zisakhale zamitengo, zimayenda usiku. Tithire konkire.

Aphunzitsi a Mbewe (opuma): Agogo eni ake akuti bwanji?

Nabanda (mlembi): Akuti mpatseni, ndi mwana wa mwamuna wanga, ndinamusambitsapo ali wamng'ono. Koma mango akhale akudya ana mpaka tsiku limene adzayambe kumanga. Amfumu anaseka, akuti zimenezonso zilembedwa. Kalata ikhala itakonzeka Lachisanu likudzali, alembi awo apita kumaliro ku Nsaru.

A Kachingwe (bilida): Ndiye maziko sitikumba mpaka chidindo chigwe. Koma nthawi sikutidikira, zidina zimafuna masabata kuti ziume bwino, ndipo October akafika ndikufuna denga lili pamwamba. Loweruka likudzali tiyambe zimene sizingalandidwe: ngalande, dzenje la chimbudzi, ndi kuumba. Tiumbire pabwalo la neba uja wavomera, kuti zinthu zikasokonekera njerwa tidzathe kunyamula.

Mavuto wa kabaza: Neba wake uti, wa chimbudzi uja? Ameneyo ndimamudziwa, khoma lake nalonso laweramira kunja. Tikaumba tiwonjezereko 500 zake, muone mmene atagwirire ntchito.

Nabanda (mlembi): Amfumu anenanso zomwezo, ndipo alengeza kuti mabanja a mzere umenewo abwere. Amayi atatu alonjeza thobwa, ife tipereke chimera ndi ufa. Zopereka zafika K640,000 kuphatikizapo ya a Yamikani, pitirizani kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, ndiika ndandanda madzulo ano. Zikombole tili nazo ziwiri, zikufunika zina ziwiri. Madzi ndi ogula pa kiyosiki, ndiye amene ali ndi migolo atibwereke.

Tadala wa ku 25: A kwaya atsimikiza asanu ndi awiri, atatu akuti ali ndi ukwati. Tikumane nthawi yanji?

A Kachingwe (bilida): 6 koloko tikhale tayamba kuponda. Dothi ndikalinyowetsa Lachisanu madzulo kuti ligone. Uwauze asabwere ndi nsapato zoyera.

Thoko K.: Wilibala ndili nayo koma tayala linaphulika. A Mavuto, mungaidutsire ku Biwi Lachinayi mukaimatitse?

Mavuto wa kabaza: Wilibala pa njinga yamoto, apolisi a pamsewu mukalipira ndinu. Ikonzeni, ndidutsa cha m'ma 4.